Momwe mungawerengere mafuta a ndege ndi kulemba pulani ya ulendo wa ku Mzuzu

Aliyense wokhala ku Mzuzu amadziwa kuti kumwamba kwathu kuno sikupanganika. Kumacha kuli ngwee, pofika 9 koloko chifunga chatsika kuchokera ku Viphya, mitengo ya tsidya la msewu osaonekanso. Ngozi ya pa 10 June 2024 ku Chikangawa, imene inatenga Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, inachitika nyengo ili yoipa chomwechi. Nkhani yake sinali ya mafuta, koma inatikumbutsa kuti bwalo lathu likhoza kutsekeka ndege ili kale m'njira. Choncho inu amene mukuphunzira kuyendetsa ndege, kapena kukonza maulendo a ndege zonyamula anthu, werengani mafuta ngati kuti ku Mzuzu simutera.

Musanagwire cholembera, onani zanyengo: malipoti a METAR (nyengo ya pa bwalo panopa) ndi TAF (nyengo yoyembekezeka pa bwalo) kumene alipo, komanso zidziwitso za NOTAM (zochenjeza oyendetsa ndege za zosintha pa mabwalo ndi m'njira). Funsaninso ngati bwalo lomwe mukupita lili ndi mafuta tsiku limenelo. Mabwalo ang'onoang'ono sakhala nawo nthawi zonse.

Kenako yambani kuwonkhetsa motsata malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse. Tiyerekeze kuti ndege yanu ndi ya injini ya turbine, imagwiritsa ntchito mafuta a mtundu wa Jet A-1, imadya makilogalamu 150 pa ola, ndipo kuchoka ku Kamuzu International Airport kufika ku Mzuzu ndi ola limodzi. Manambalawa ndi ophunzirira chabe, enieni ali m'buku la ndege yanuyo.

Mafuta oyendera pansi musananyamuke, tiikepo makilogalamu 10. A ulendo weniweniwo, 150. Pamwamba pake pamabwera a mwadzidzidzi, oti mwina mphepo yakuwombani kumaso kapena akuuzani kuti mulambalale mitambo. Amenewa ndi magawo 5 pa 100 alionse a mafuta a ulendo, koma asachepere oti n'kuzungulira nawo mphindi 5 m'mwamba. Apa ambiri amapunthwa: magawo 5 aja akupereka 7.5, pamene mphindi 5 zikupereka pafupifupi 13. Tengani nambala yaikuluyo.

Tsopano mafuta okafikira ku bwalo lina, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Mwafika pa Mzuzu, mwayesa kutera, msewu wa ndege sukuoneka. Mulowera kuti? Karonga ili pafupi, koma musaisankhe chifukwa cha kufupika kokha. Sankhani bwalo limene muli ndi chikhulupiriro kuti nyengo yake ikulolani pa ola limene mudzafike. Ngati ndi kubwerera ku Lilongwe, ndiye 150 ina.

Otsiriza ndi mafuta osakhudza. Ndege za injini ya turbine zimasunga a mphindi 30 zozungulira pa mafiti 1,500 pamwamba pa bwalo, za injini ya pisitoni mphindi 45. Kwa ife a turbine ndi makilogalamu 75. Amenewa ayenera kukhala adakali mu thanki matayala akamagunda pansi.

Zonse pamodzi ndi makilogalamu 398. Wothira mafuta amayeza malita, ndipo lita ya Jet A-1 imalemera pafupifupi makilogalamu 0.8, ndiye ngati mu thanki mulibe kanthu mumuuza malita pafupifupi 500. Imani pomwepo muone mita ikuyenda, mufananize ndi geji ya m'ndege. Kaputeni ali ndi ufulu woonjezerapo, ndipo m'miyezi ya chifunga ine ndimaona kuti amene waonjezera wachita bwino, ngakhale katundu wina atsale kuti ndege isapyole kulemera kwake.

Pulani ya ulendo iperekedwe kwa oyang'anira kayendedwe ka ndege kukadali mphindi 60 kapena kuposerapo musananyamuke. Mulemba chizindikiro cha ndege (zathu za ku Malawi zimayamba ndi 7Q), mtundu wake, zipangizo zomwe ili nazo, ngati mukuuluka poona ndi maso kapena podalira zida, liwiro, kutalika kwa m'mwamba ndi njira. Mabwalo amalembedwa ndi zilembo zinayi: Kamuzu ndi FWKI, Mzuzu FWUU, Karonga FWKA, Chileka FWCL. Nthawi ndi ya UTC, nthawi imodzi imene ndege zimayendera pa dziko lonse, imene imatsalira maola awiri pa yathu, kotero 8 koloko m'mawa mulemba 0600.

Gawo 19 la fomu ya pulaniyi musalithamangire. M'menemo mumalemba maola amene mafuta anu angakusungeni m'mwamba, chiwerengero cha anthu, mtundu wa utoto wa ndege ndi zida zopulumukira. Ndege ikasowa, ofufuza amayambira pamenepa. Mukachedwa kunyamuka kupitirira mphindi 30 pa ulendo wotsogozedwa ndi oyang'anira kayendedwe ka ndege, dziwitsani kuti pulani isinthidwe.

Muli m'mwamba, pitirizani kuyang'ana geji ndi kufananiza ndi zimene munawerenga pansi. Mukaona kuti kuchedwa kwina kulikonse kukhudza mafuta osakhudza aja, nenani pa wailesi kuti "MINIMUM FUEL". Ngati mwaona kuti mukatera atachepa kale, musachite manyazi, nenani "MAYDAY MAYDAY MAYDAY FUEL" kuti akupatseni mpata woyamba.

Mukatera, tsekani pulani yanu. Ngati pa bwalopo palibe wokulembani kuti mwafika, imbani foni nokha, chifukwa mukapanda kutero anthu ayamba kukufunafunani inu muli pa Katoto mukumwa tiyi.