Kwa Oyendetsa Mathiraki ku America: Sikelo Imayang'ana Ekiselo, Osati 80,000 Yokha

Dalaivala amene anazolowera msewu wa ku Beira kapena wa ku Joni akafika ku America n'kutenga laisensi yoyendetsera malole akuluakulu yotchedwa CDL, nambala yoyamba imene amaloweza ndi mapaundi 80,000. Akaisandutsa matani amapeza 36 ndi kakusefukira pang'ono, n'kupukusa mutu, chifukwa ku South Africa hosi ndi mathirela ake zimaloledwa kufika matani 56. Kenako amaona ngati sukulu yatha: usapyole 80,000, basi. Apa ndi pamene ambiri timaterereka. Mukhoza kukhala pansi pa 80,000 bwinobwino koma wapolisi wa pasikelo n'kukulemberanibe tikiti, ndipo akakulemberani wolondola amakhala iyeyo.

Lamulo la boma lalikulu la ku Washington, limene limagwira ntchito pa misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo yotchedwa Interstate, lili ndi nambala zitatu. Galimoto yonse ndi katundu wake isapyole mapaundi 80,000. Ekiselo imodzi yoima payokha isapyole 20,000. Maekiselo awiri oyandikana, amene kumeneko amangoti tandem, asapyole 34,000, omwe ndi matani 15 ndi theka kuchotsa pang'ono. Thiraki wamba ya matayala 18 ili ndi tandem ziwiri, ya hosi ndi ya thirela. Mukaphatikiza 34,000 kawiri mupeza 68,000, ndipo yotsala kuti mufike 80,000 ndi 12,000. Ndiko kumene kunachokera nambala imene madalaivala amatchula ya ekiselo ya kutsogolo. Ya kutsogoloyo imatsatiranso zimene zalembedwa pa matayala ndi pa kachitsulo ka pakhomo la hosi, choncho werengani pamenepo musanakhulupirire za m'kamwa mwa mnzanu.

N'chifukwa chiyani amalimbikira ekiselo chonchi? Pakati pa 1958 ndi 1960, akatswiri a misewu anayendetsa malole odzaza usana ndi usiku pa misewu yoyeserera ku Ottawa m'chigawo cha Illinois, akuyeza mmene tala ndi konkire zikuperepesekera. Anapeza kuti msewu suwonongeka molingana ndi kulemera ayi. Mukachulukitsa kawiri katundu wa pa ekiselo imodzi, kuwononga kwake kumachuluka pafupifupi ka 16. Msewu sudziwa kuti galimoto yonse ikulemera bwanji. Umangomva tayala limene laupondalo.

Tsopano tiyeni tipite pasikelo. Mwapakira, mwasaina mapepala, mwatseka zitseko. Musanalowe msewu waukulu, pezani malo omwetsera dizilo amene ali ndi sikelo yolipira, monga za CAT Scale za zikwangwani zachikasu zija. Sikeloyo ili ndi mbale zitatu: matayala a kutsogolo aime pa yoyamba, tandem ya hosi pa yachiwiri, ya thirela pa yachitatu. Lowani pang'onopang'ono, imani, dinani batani, wa mkati akuyankhani. Tiyerekeze kapepala kanu katuluka chonchi: kutsogolo 11,800, hosi 35,100, thirela 31,900. Zonse pamodzi 78,800. Wosadziwa amamwetulira n'kuyatsa wailesi. Koma tandem ya hosi yapyola ndi 1,100, ndipo sikelo ya boma yoyamba imene mupeze yotsegula ikuimitsani.

Mankhwala ake ali pansi pa thirela pomwepo. Maekiselo a thirela amaseleleka pa njanji ya zibowo. Mukawasunthira kutsogolo, amasenza katundu wochuluka ndipo hosi imapepukidwa. Mukawasunthira kumbuyo, katundu amabwerera pa hosi. Madalaivala amawerengera kuti chibowo chimodzi chimasuntha mapaundi pafupifupi 250 pa mathirela a zibowo zothinana, ndipo kuposa apo pa a zibowo zotalikirana. Pa chitsanzo chathuchi zibowo zisanu zikwanira: hosi itsika kufika cha pa 33,850, thirela ikwera kufika cha pa 33,150. Mangani mabuleki a thirela, kokani chogwirira kuti mapini atuluke, ikani chizindikiro pa chibowo chimene mukufuna, ngakhale ndi choko, kenako bwererani m'mbuyo pang'ono kuti bokosi liseleleke pamwamba pa matayala. Bwezerani chogwirira, gwedezani galimoto mpaka mapini alowe, ndipo tsikani mukaone ndi maso anu kuti onse alowadi. Musadalire khutu. Mukatero bwererani pasikelo. Kuyeza kwachiwiri pa malo omwewo mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Ngati vuto lili pakati pa ekiselo ya kutsogolo ndi tandem ya hosi, chosuntha ndi fifth wheel, chimbale chachitsulo cha pa hosi pamene thirela imalumikizidwa, ndipo iyo chibowo chimodzi chimasuntha pafupifupi 500.

Dizilo musamuiwale. Galoni imodzi imalemera mapaundi 7 kapena kuyandikira apo. Munthu amayeza matanki ali pafupi kuuma, n'kuona kuti zili bwino, kenako n'kuthira magaloni 200. Wadziwonjezera yekha 1,400, yonse pa hosi.

Kusuntha maekiselo kuli ndi mpanda mbali zonse ziwiri. Mbali ina kuli lamulo la milatho, Bridge Formula, limene linayamba kugwira ntchito mu 1975. Mfundo yake mwana aliyense amene anawolokapo mtsinje pa mtengo amaidziwa: anthu asanu akaunjikana pakati mtengo umathyoka, akatalikirana umapirira. Kuti thiraki ya maekiselo asanu inyamule 80,000, pamafunika mafiti 51, mamita 15 ndi theka, kuchokera pa ekiselo yoyamba kufika pa yomaliza. Ndipo tandem ziwiri zija zimaloledwa 34,000 iliyonse ngati pali mafiti 36 kuchokera pa ekiselo yoyamba ya tandem ya hosi kufika pa yomaliza ya thirela. N'chifukwa chake lole yaifupi yonyamula mchenga siingafike 80,000 ngakhale injini itakhala yamphamvu chotani. Mbali inayo kuli malamulo a zigawo oletsa kukankhira maekiselo kumbuyo kwambiri, poopa kuti thirela idzidula makona. California ndiye wodziwika pa izi: mafiti 40 kuchokera pa kingpin, pini ya pansi pa thirela imene imakola pa hosi, kufika pa ekiselo yomaliza. Ngati katundu wanu akupita ku California, muyezereni maekiselo ali pa malo a California kuchokera tsiku lopakira, ngakhale mukupakira ku Georgia. Kukazindikira muli pa malire n'kulira kumene.

Apa tafika pa zimene zimasokoneza alendo kwambiri. America ndi dziko limodzi, koma pa nkhani ya msewu chigawo chilichonse ndi mfumu pamudzi pake. Pamene boma lalikulu linkaika malire oyamba mu 1956, omwe anali mapaundi 73,280, zigawo zimene zinali kale ndi malire apamwamba zinaloledwa kusunga ake. Michigan mpaka lero imalola mapaundi 164,000, kuposa matani 74, bola galimotoyo ikhale ndi maekiselo 11 ndipo ambiri mwa iwo asapyole 13,000. Mukaona chinyalugwe cha thiraki cha matayala osawerengeka cha ku Detroit, si kunyada. Maekiselo ambiri pamenepo akuponda mopepuka kuposa a tandem yanu. Maine imalola 100,000 pa maekiselo asanu ndi imodzi. Koma ufulu umenewo umathera pa chikwangwani cha malire a chigawo. Safunsa anadya phula: musananyamuke, lembani zigawo zonse zimene mudutse, muone lamulo la chilichonse pa tsamba la dipatimenti yake ya zamtengatenga.

Ngakhale m'chigawo chimodzi malire amasintha ndi nyengo. Kumpoto, chisanu chikayamba kusungunuka, nthaka ya pansi pa msewu imafewa ngati dambo. Michigan pa nthawi imeneyo imachepetsa katundu wa pa ekiselo ndi 25 pa 100 pa misewu ina ya konkire ndi 35 pa 100 pa ya tala. Minnesota nayo imachepetsa, ngakhale kuti m'kati mwa chisanu, nthaka ikauma gwa, imawonjezera 10 pa 100. Ndipo mlatho uliwonse umene uli ndi chikwangwani cha matani, chikwangwanicho ndiye lamulo, kaya foni yanu ikunena zotani.

Nanga pemiti? Choyamba chotsani maganizo akuti pemiti ndi chiphaso chogula kuti mupakire zambiri. Boma lalikulu silipereka pemiti. Zimapereka ndi zigawo, chilichonse yakeyake, ndipo pa Interstate zimaperekedwa makamaka kwa katundu wosagawika. Tanthauzo lake linalembedwa momveka: katundu amene mukamugawa sangagwirenso ntchito yake, kapena ataya mtengo wake, kapena angafune maola opitirira 8 a ntchito kuti amasulidwe ndi zipangizo zoyenera. Thiransifoma, chikatapila, mtanda wa konkire wa mlatho, zimenezo inde. Matumba a simenti, mapaleti a zakumwa, zitsulo zowerengeka, ayi, chifukwa mukhoza kutsitsako. Ngakhale makina awiri olemera pa thirela imodzi ndi katundu wogawika, wina atsike. Pali zopatulako zingapo. Lamulo la FAST Act la 2015 linalola kuti mkaka wamadzi uziwerengedwa ngati wosagawika, zigawo zina zimapereka pemiti ya makontena omatidwa ochokera pa doko, ndipo zina zimapepukitsa malamulo pa misewu yawoyawo nthawi yokolola. Zimenezi n'zofunsa, osati zongoganizira.

Popempha pemiti amafuna kulemera kwa ekiselo iliyonse, kutalikirana kwa maekiselo, msinkhu, mulifupi, kumene mukuchokera ndi kumene mukupita. Tengani tepi muyeze nokha, musakopere za ulendo wapita. Ikatuluka, iwerengeni yonse, mpaka timalemba tating'ono. Imatchula misewu yoti mudutse, masiku ake, nthawi zina maola ake, ngati pakufunika galimoto yoperekeza, ndi milatho yoti muwoloke mwapang'onopang'ono. Walira mvula walira matope. Ndalama za katundu wolemera n'zabwino, koma zimabwera ndi zingwe. Mukapatuka pa njira yolembedwayo, ngakhale kukafuna nsima yotentha, m'zigawo zambiri pemitiyo imakhala ngati kulibe, ndipo chindapusa amawerengera kuchokera pa malire wamba. Munthu wa mapaundi 120,000 amapezeka wapyola ndi 40,000. Kumbukiraninso kuti pemiti ya chigawo kawirikawiri imathera pa misewu ya chigawo. Makilomita omaliza olowera kufakitale akhoza kukhala a khonsolo ya mzinda, yomwe imafuna pepala lake.

Ndipo pepala siliona msewu. Pa 23 May 2013, thiraki yonyamula katundu wamtali, ili ndi pemiti komanso galimoto yoperekeza patsogolo, inagunda zitsulo za pamwamba pa mlatho wa Interstate 5 pa mtsinje wa Skagit m'chigawo cha Washington. Gawo la mlathowo linagwera m'madzi pamodzi ndi magalimoto awiri. Mwamwayi palibe anafa. Vuto pamenepo linali msinkhu, koma phunziro lake likukhudza kulemera chimodzimodzi: amene akuyenera kudziwa njira ndi wonyamulayo.

Chovuta chimene chimatsala ndi cha anthu, osati cha masamu. Nthawi zina mumasuntha maekiselo uku ndi uku koma nambala zikukana, chifukwa opakira anaunjika zolemera zonse kumutu kwa thirela, kapena anangopakira zopyola. Dalaivala watsopano, makamaka mlendo m'dziko, amachita manyazi kubwerera. Wa ku ofesi naye pafoni amakhoza kunena kuti masikelo atseka, ingopitani usiku. Ine ndimati musavomere. Tikiti nthawi zambiri imalembedwa m'dzina la amene wagwira chiwongolero, ndipo apolisi a zamalole amayenda ndi masikelo onyamula m'manja amene amayala pa msewu uliwonse, ngakhale wa kumbali umene mukuzembera. Akakupezani mwapyola kwambiri, galimoto siichoka mpaka katundu atasunthidwa kapena kutsitsidwa, ndipo kuitana foloko ndi lole ina pamalo otero kumadya ndalama kuposa ulendo wonsewo. Jambulani kapepala ka pasikelo, tumizani ku ofesi pa uthenga wolemba kuti pakhale umboni, bwererani kumene munapakira, muwaonetse nambala. Akakonza, yezaninso, ndipo kapepala komalizako kasungeni pamodzi ndi mapepala a katundu mpaka mutatsitsa.