Kaonedwe ka mpikisano wa Donington 1993 kuti muumvetse bwinobwino

Sakani pa YouTube "Donington 1993", koma musakhutire ndi kavidiyo ka mphindi ziwiri kaja, pezani wautali. Unali mpikisano wa magalimoto wa Formula 1 wa European Grand Prix pa bwalo la Donington Park ku England pa 11 Epulo 1993, maraundi 76, mvula ikumagwa nkumasiya.

Choyamba dziwani magalimoto. Alain Prost ndi Damon Hill anali mu Williams ya injini ya Renault, yamphamvu kuposa McLaren ya Ayrton Senna yomwe inali ndi Ford. Pouma Senna sakanawagwira amenewa ayi.

Raundi yoyamba muionere katatu. Senna anayambira pa nambala 4, Michael Schumacher anamufinya mpaka anagwa pa 5, ndiye kenaka anayamba kuwatola mmodzimmodzi, Schumacher potuluka kona ya Redgate, Karl Wendlinger pa Craner Curves pomuzungulira chakunja, Hill pa kona ya McLeans, Prost pa Melbourne Hairpin, raundi isanathe munthu ali kutsogolo. Ulendo wachiwiri musamuyang'ane dalaivala, yang'anani pomwe matayala akuponda. Mzere womwe aliyense amadutsa kukauma umakhala utamatira labala wa matayala, ndiye mvula ikagwa pamenepo mpomwe pamaterera kwambiri, nchifukwa chake Senna akusiya mzerewo nkumapita kunja komwe phula likugwirabe. Ulendo wachitatu muone Rubens Barrichello wa timu ya Jordan, anayambira pa 12 koma raundiyo pomatha anali pa 4. Anthu amamuiwala mnyamatayu, zosakhala bwino.

Zikatero tsatirani za matayala, apa mpomwe mpikisano unapindidwira. Amizere amakankha madzi koma njira ikauma amatentha nkutha msanga, osalala aja amathamanga pouma koma pamadzi galimoto imangoyandama. Tengani pepala muziwerenga kulowa mu pit, malo osinthirako matayala. Prost analowa ka 7, nthawi zina kungosintha mvula nkutembenuka pompo, pomwe Senna anasintha ka 4 basi ndipo penapake anapirira ndi osalala mvula ikuwaza.

Pali raundi ina Senna analowa mu pit, amakaniko asanakonzeke, anangodutsa osaima, ndipo imeneyo ndi imene inakhala raundi yachangu kuposa zonse chifukwa njira ya mu pit inali yachidule. Musaiphonye.

Pomaliza onani kusiyana kwake: Senna woyamba, Hill wachiwiri koma kumbuyo ndi mphindi yoposa imodzi, Prost wachitatu atapitiriridwa raundi yathunthu. Chikho chomwe Senna ananyamula chinali cha Sonic, kanyama ka m'magemu a kampani ya Sega, poti Sega ndi omwe anathandiza mpikisanowo.