Mmene mungayendere Dubai pa tsiku limodzi: kuona malo, kugula ndi kudya

Anthu a m'chigawo chathu cha Tete amene amapita ku Dubai kawirikawiri amapitira kukagula katundu wa malonda, ndipo tsiku lopuma limakhala limodzi lokha, lija la pakati pa kumanga katundu ndi kukwera ndege yobwerera. Ambiri amalithera tsikulo m'takisi, akuthamangira nyumba zazitali dzuwa lili paliwombo, n'kufika madzulo atatopa, m'thumba mwapepuka, koma mzinda weniweniwo asanauone. Langizo langa ndi lakuti tsikulo muligawe potsata dzuwa. M'mawa muyende pansi m'mbali mwa madzi ku mzinda wakale, masana mubisale pansi pa denga, ndipo nyumba zazitali muzisiyire madzulo.

Musananyamuke kwanu, kaya mukwerera pa bwalo la ndege la Chingodzi kudzera ku Maputo kapena ku Johannesburg, kaya ndinu a ku Ulónguè amene mumaona chapafupi kuoloka pa Calómuè kukakwerera ku Lilongwe, onetsetsani kuti nkhani ya viza yatha. Metikali musinthiretu kuti mutenge madola a ku America, chifukwa ndiwo mungasinthe mosavuta kumeneko. Ndalama yawo ndi dirham, ndipo inamangiriridwa ku dola kotero kuti dola imodzi imakhala pafupifupi madirham 3.67, zimene zimapangitsa kuwerengera mtengo kukhala kosavuta ngakhale muli pakati pa msika. Nthawi yawo ili patsogolo pa yathu ndi maola awiri. Abale muwauziretu kuti kuimbirana pa WhatsApp nthawi zambiri sikutheka kumeneko, ngakhale mauthenga olemba amayenda bwinobwino, kuti asade nkhawa mukapanda kuyankha foni.

Nkhani ya kutentha ndiyofunika kuimvetsa bwino, makamaka kwa ife a mumzinda wa Tete amene timadzitama kuti dzuwa tinalizolowera. Kuyambira June mpaka September kutentha kwa ku Dubai kumapitirira madigiri 40, ndipo kumabwera ndi chinyontho cha m'nyanja chimene chimanyowetsa malaya munthu asanayende n'komwe. Munthu wokulira m'mapiri ozizira a Angónia kapena Tsangano sayenera kuyesa kuyenda pansi masana m'miyezi imeneyi. Nyengo yabwino ndi ya pakati pa November ndi March. Valani zovala zopepuka koma zobisa mapewa ndi mawondo, nsapato zoyendera, ndipo botolo la madzi lisachoke m'manja.

Yambani ndi kugula khadi lotchedwa Nol pa siteshoni iliyonse ya Metro, sitima yamagetsi yoyenda yopanda woyendetsa imene inatsegulidwa mu 2009. Khadilo limalipira sitima ndi mabasi omwe, ndipo mumaligunditsa pa chipata polowa ndi potuluka. Sitimayi siili ngati chapa ya kwathu mmene munthu amakukuta chimanga chootcha pa ulendo. Kudya ndi kumwa mkati n'koletsedwa ndipo kuli ndi chindapusa. Muli chipinda cha amayi ndi ana okha, komanso china cha olipira zambiri chotchedwa Gold Class, choncho abambo aziyang'ana zizindikiro za pansi ndi za pakhomo asanalowe.

Cha m'ma 8 koloko m'mawa tsikirani pa siteshoni ya Sharaf DG, ya njanji yobiriwira, n'kuyenda pang'ono kupita ku Al Fahidi. Awa ndi malo a nyumba zakale za amalonda, ambiri mwa iwo ochokera ku Bastak m'dziko la Iran, zomangidwa ndi miyala ya m'nyanja ndi dothi, zokhala ndi tinjira topapatiza tamthunzi. Kwezani maso muone nsanja za makona anayi pamwamba pa nyumbazo. Zili ndi mipata mbali zonse, ndipo ntchito yake inali kukola mphepo n'kuitsitsira m'zipinda kalekale magetsi kulibe. Chapafupi pali linga la Al Fahidi, la m'ma 1787, limene limawerengedwa kuti ndi nyumba yakale kwambiri mumzindawu. Poyenda m'tinjirato m'pamene munthu amamvetsa kuti Dubai anali mudzi wa asodzi, amalonda ndi osambira pansi pa nyanja kufunafuna ngale. Malonda a ngalewo anagwa m'ma 1930 pamene ngale zowetedwa ku Japan zinachuluka pamsika, mafuta anapezeka mu 1966, ndipo dziko la United Arab Emirates linakhazikitsidwa mu 1971. Zonse zonyezimira zimene muone madzulo zamangidwa m'nthawi ya moyo wa agogo athu amene alipobe.

Kuchokera apo tsatani madzi kulowera ku msika wa nsalu wa Bur Dubai, wofoleredwa ndi matabwa. Ogulitsa akuitanani, ena akukolekani mpango paphewa musanapemphe. Kanani mwaulemu ndi kumwetulira, mupitirize ulendo. Kumapeto kwa msikawu kuli doko la mabwato otchedwa abra, ndipo ine ndimati aliyense wopita ku Dubai asabwereko asanakwere bwato limeneli. Ndi bwato lamatabwa la injini, lokhala ndi denga laling'ono ndi benchi pakati, pamene anthu pafupifupi 20 amakhala mopatsana misana, mapazi ali pafupi ndi madzi. Mulibe tikiti ya pepala. Bwato likangochoka padoko, woyendetsa amazungulira atatambasula dzanja, aliyense n'kuponyamo dirham imodzi yachitsulo, kenaka amabwerera pamalo pake n'kugwira chiwongolero. Ulendowo ndi wa mphindi zochepa, koma mumaona mbalame zoyera zikuuluka motsatira bwato, nsanja za mizikiti mbali zonse, ndiponso zombo zazikulu zamatabwa zikupakira mafiriji, matayala ndi matumba opita ku Iran ndi maiko ena a kutsidya kwa nyanja. Amene anaolokapo Zambezi pa bwato samva chilendo, kupatula kuti madzi a Dubai Creek ndi amchere, chifukwa ndi nyanja imene inalowa kumtunda.

Mukatsika ku Deira, fungo lidzakuuzani lokha kuti msika wa zokometsera zakudya uli pomwepo. Matumba otsegula andandalikidwa pakhomo pa sitolo iliyonse, a sinamoni, tsabola wakuda, mandimu ouma akuda, maluwa ouma ndi lubani, yemwe uja timamva m'Baibulo. Pano luso lonenerera limene munaphunzira pa msika wa Kwachena ligwira ntchito. Mtengo woyamba umene akuuzani ndi wa mlendo, choncho funsani m'masitolo atatu musanatulutse chikwama, muzinena mtengo wa kilogalamu kapena wa magalamu 100 momveka, ndipo muone sikelo ndi maso anu. Mukagula zambiri, kupempha basela si chamanyazi. Chenjerani ndi safironi, timaulusi tofiira todula kwambiri. Ine ndinagulapo kabotolo pa mtengo umene ndinkauona ngati mwayi, koma nditafika kunyumba n'kuviika m'madzi, madziwo anafiira nthawi yomweyo ndipo timaulusito tinatuwa. Safironi weniweni amatulutsa mtundu wachikasu pang'onopang'ono ndipo ulusi wake umakhalabe wofiira. Pemphani wogulitsa ayese pamaso panu ndi kapu ya madzi, ndipo akakana musagule.

Msika wa golide uli pamtunda pang'ono, ndipo masitolo ake ambiri amakhala atatsegula pofika 10 koloko. Ngakhale mulibe cholinga chogula, pitani mukaone mawindo odzaza mikanda, zibangili ndi mphete mpaka kudenga. Ngati mukufuna mphete yaukwati kapena ndolo za amayi a kunyumba, dziwani mmene mtengo umapangidwira. Pali mtengo wa golide wa tsikulo pa galamu imodzi, umene umasiyana malinga ndi makarati, muyezo wosonyeza kuchuluka kwa golide weniweni m'chinthucho, kaya 18, 21, 22 kapena 24, ndipo umaonetsedwa poyera pa zikwangwani zamagetsi. Umenewu sunenereredwa. Pamwamba pake amaikapo ndalama ya ntchito ya mmisiri amene anasula chinthucho, ndipo apa m'pamene pali mpata wokambirana. Wogulitsa amaika mpheteyo pa sikelo yaing'ono, n'kulemba pa makina owerengera, n'kukutembenuzirani kuti muone. Mufunseni akupatulireni ziwerengero ziwirizo, ya golide payokha ndi ya ntchito payokha, muyang'ane chidindo cha makarati mkati mwa mpheteyo, ndipo mulandire lisiti lolembedwa kulemera kwake. Anyamata oima m'njira amene amanong'oneza za mawotchi ndi zikwama za mayina otchuka amagulitsa zinthu zachinyengo m'zipinda za pamwamba, ndipo musawatsatire.

Pofika 12 koloko dzuwa likhala litakula, ndipo ndi nthawi ya chakudya. Musavutike kufunafuna malo apamwamba. M'misewu ya Deira muli malesitilanti ang'onoang'ono a anthu a ku India, Pakistan, Iran ndi maiko a Aluya kumene amadya ogwira ntchito a mumzindawu, ndipo kumene kwadzaza anthu n'kumene chakudya chimakhala chatsopano. Mbale ya biryani, mpunga wophikidwa pamodzi ndi nkhuku kapena nyama ya nkhosa ndi zokometsera, imakhutitsa munthu wozolowera nsima, ndipo nthawi zina imakwanira awiri. Amene sagwirizana ndi tsabola anene poitanitsa. Ngati mukufuna chakudya cha eni dziko, funsani machboos, mpunga wa nyama kapena nsomba wophikidwa ndi mandimu ouma aja munaona kumsika, ndipo mutsirize ndi luqaimat, timandasi tozungulira tothiridwa madzi otsekemera a zipatso za kanjedza. Kudya ndi manja n'kololedwa m'malo oterewa, bola likhale dzanja lamanja monga kwathu. Nyama ya nkhumba ndi mowa musaziyembekezere m'malesitilanti amenewa. Ulendo wanu ukagwera m'mwezi wa Ramadan, pewani kudya ndi kumwa pamsewu masana polemekeza amene akusala, ndipo Lachisanu masana masitolo ambiri a m'misika yakale amatseka kaamba ka mapemphero.

Ofuna mafoni ndi zipangizo zake angadutse m'dera la Naif, lomwe lili pafupi. Foni muiyatse musanalipire, muikemo khadi lanu la foni, muyese kamera ndi mawu, ndipo muone ngati nambala ya pabokosi ikufanana ndi ya m'foni. Kumbukirani kuti mapulagi a ku Dubai ndi a mano atatu amakona ngati a ku Malawi, pamene m'nyumba zathu za ku Mozambique timagwiritsa ntchito a mano ozungulira, choncho mugulirepo cholumikizira. Poyenda m'misewu imeneyi muzioloka pa malo oolokera okha chifukwa apolisi amalipiritsa, ndipo musajambule munthu, makamaka mayi, osapempha, pakuti kumeneko umenewu ndi mlandu.

Tsopano kwerani Metro pa Baniyas Square, musinthe pa Union kulowa njanji yofiira, mukatsikire pa siteshoni ya Burj Khalifa/Dubai Mall. Kuchokera pa siteshoni pali mlatho wautali wofolera ndi wozizira umene umakufikitsani m'kati mwa Dubai Mall, nyumba ya masitolo oposa 1,000 imene inatsegulidwa mu 2008. Kunoko mitengo ndi yolembedwa ndipo sanenerera. Ine ndimaona kuti malowa ndi opumulirako ndi kudyetsa maso pamene kunja kukutentha. Thanki yaikulu ya nsomba, mmene mumasambira ngakhale shaki, imaoneka kuchokera panjira popanda kulipira. Mukagula kanthu kodula, perekani pasipoti kuti akulembereni zobweza msonkho. Dzikolo lili ndi msonkho wa 5 peresenti pa katundu kuyambira mu 2018, ndipo mlendo amene wagula zosachepera madirham 250 m'sitolo yolembetsedwa angabwezeredwe gawo lalikulu la msonkhowo pa bwalo la ndege, akaonetsa katunduyo asanamupereke kuti alowe m'ndege.

Burj Khalifa, yotalika mamita 828, inatsegulidwa mu January 2010 ndipo ndiyo nyumba yaitali kuposa zonse padziko. Alendo amakwera kukaonera mzinda pa nsanjika ya 124 ndi 125. Tikiti ndi yodula, ndipo imakwera mtengo pa nthawi yolowa dzuwa, choncho ngati mwatsimikiza mtima igulirenitu pa intaneti masiku angapo m'mbuyo. Ngati ndalama yachepa, musadandaule, pakuti chosangalatsa chenicheni cha madzulo n'chaulere. Tulukani kumbuyo kwa Dubai Mall kuli nyanja yokumba, mupeze poima pafupi ndi mpanda 6 koloko isanakwane. Kuyambira nthawi imeneyo, pa theka la ola lililonse, madzi amathuvuka m'mwamba motsatira nyimbo, akuwala ndi magetsi, nyumba yaitaliyo ili kumbuyo kwake.

Chakudya chamadzulo mukadyere kufupi ndi kumene mukugona, chifukwa cha m'mbali mwa nyanja yokumbayo n'chodula kwambiri. Shawarma, nyama yowotcha yosendedwa n'kukulungidwa m'buledi wopyapyala, pamodzi ndi kapu ya tiyi wa karak, wamkaka wambiri ndi wonunkhira, zimapezeka pa tiwindo ta m'misewu mpaka usiku kwambiri pa madirham ochepa. Mugulenso bokosi la zipatso za kanjedza za ana kunyumba, popeza siziwonongeka msanga panjira. Musanagone yezani masutikesi anu molingana ndi makilogalamu olembedwa pa tikiti, golide ndi mabatire osungira moto muziike m'chikwama cha m'manja, ndipo malisiti onse muwasonkhanitse m'envulopu imodzi pamodzi ndi pasipoti, chifukwa a alifandega, okhometsa msonkho wa katundu m'malire, akawafuna mukamalowa m'dziko lathu, kaya pa bwalo la ndege kaya pa chipata cha Calómuè.