Mukapita kumsonkhano wa phungu kapena khansala, konzekani chonchi

Anzanga a kuno ku Zomba, kaya muli ku Chinamwali, Matawale, Sadzi ngakhale ku Jali, tamverani. Phungu kapena khansala akaitanitsa msonkhano, musapite chimanjamanja. Kumanani kaye pamudzi kapena mu komiti yachitukuko ya m'mudzi (VDC), mugwirizane nkhani ziwiri basi. Mukabweretsa madandaulo khumi, bwana amasankha yophweka, n'kuyankha yomweyo, dzuwa n'kulowa.

Dziwaninso woyenera kumufunsa. Za zinyalala mumsika, ngalande ndi timisewu ta m'makwalala, yambirani kwa khansala ndi khonsolo. Phungu ntchito yake yaikulu ndi kupanga malamulo ndi kuvomereza bajeti ku Lilongwe, osati kugula mabokosi a maliro, ngakhale tinamuzoloweza tokha zimenezo.

Funso likhale ndi mutu. M'malo mokalipa kuti "mwatitaya", nenani mwaulemu kuti: "Olemekezeka, mlatho uja munati umangidwa ndi ndalama za thumba lachitukuko cha m'dera la CDF, zinatuluka zingati, kontilakitala ndani, atha liti?" Wina alembe yankho ndi tsiku lake m'kope, mfumu ikumva. Pakapita miyezi itatu, bwererani ndi kope lomwelo.

Akamazemba, lembani kalata kukhonsolo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga kuboma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo limakulolani kufunsa za ndalama zachitukuko. Sungani kope la kalatayo lodindidwa.

Nsalu ndi malaya achipani zisiyeni kunyumba tsikulo. Amayi ndi achinyamata apatsidwe mpata wolankhula poyambirira, chifukwa akamadikira kumapeto nthawi imakhala yatha.