Atolankhani akunja akafika kwanu nthawi ya ngozi, chitani izi

Mukukumbuka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope atatsika phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe? Ma TV akunja ngati BBC ndi Al Jazeera anaonetsa nyumba zogumuka, anthu akulira, basi munthu wa ku London yemwe sanapondeko kuno Malawi amamudziwa choncho, dziko la matope ndi misozi. Zinachitikadi, koma sizokhazo ayi.

Ndiye akakupezani ndi kamera, choyamba afunseni akuchokera kuti komanso chithunzicho chikatuluka pati, muli ndi ufulu wokana, makamaka akafuna kujambula ana kapena maliro. Manambala a omwalira osangolota, auzeni akafunse ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, chifukwa nambala yabodza ikangolowa pa intaneti kuibweza nkovuta.

Chimene chimandiwawa ine nchakuti anyamata aja ankakumba matope ndi makasu ndi mafosholo mvula ili mkati, azimayi aja ankaphika nsima m'makampu a pasukulu, saoneka kawirikawiri. Atengereni atolankhaniwo kumeneko akaone okha, ndipo malo atchule bwinobwino, Chilobwe, Phalombe, Mulanje, osangoti Africa.

Nanunso pa Facebook ndi WhatsApp musanasheye chithunzi cha mtembo, fufuzani kaye ngati abale ake amva uthenga.