Momwe mungatetezere nyimbo yanu kuti ma royalty ake azibwera kwa inu

Oyimba ambiri kuno kwathu nyimbo ikangotuluka mu studio amathamangira kuyiponya pa WhatsApp, ikaphulika ndipamene amayamba kufunsa kuti nanga ndalama zake zikulowa mthumba mwa ndani. Apo zimakhala kuti madzi afika kale mkhosi. Tiyeni tione zochita nyimbo isanatuluke.

Choyamba dziwani kuti nyimbo imodzi ili ndi umwini wapawiri. Pali mawu ndi mayimbidwe, izi ndi za amene anapeka, ndiye pali chojambulidwa chenichenicho chomwe amati master, ichi chimakhala cha amene anakonza ndi kulipira kujambulako pokhapokha mutagwirizana zina. Lamulo la Copyright Act la 2016 limakutetezani nyimbo ikangolembedwa kapena kujambulidwa, ndipo chitetezocho chimafika zaka 50 inu mutamwalira, ndiye nkhaniyi ikukhudzanso ana anu.

Chachiwiri, ndipo apa ndipamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri, musatuluke mu studio opanda pepala. Amati split sheet koma ndi pepala wamba, ngakhale lothothola mu kope. Lembani dzina la nyimbo, tsiku, mayina enieni a pa chiphaso a aliyense amene wayikapo dzanja, wolemba mawu, wopanga beat, amene wa feature, kenako maperesenti a aliyense ndipo onse asayine, aliyense ajambule pepalalo pa foni yake. Ndikudziwa zimachititsa manyazi kuuza producer amene mumadya naye chiwaya kuti man tasayinani apa, koma ubale wambiri wa oyimba umathera pomwepa, nyimbo ikayamba kulowetsa ndalama aliyense amakumbukira mosiyana zomwe munagwirizana pakamwa. Funsaninso ngati ndalama mwalipirayo ndi yogula beat yonse kapena yongobwereka. Ma beat a pa YouTube olembedwa kuti free aja nthawi zambiri ndi aulere pongoyimbira chabe, mukayika nyimbo pamsika mwini wake amatha kuyitsitsa kapena kutenga ndalama zake.

Chachitatu pitani ku COSOMA (Copyright Society of Malawi) mukalembetse umembala. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo ndi lomwe limatolera ndalama ku ma wayilesi, ma TV ndi malo azisangalalo, komanso limagawa za blank media levy, ndalama zomwe zimadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo ngati mafoni ndi ma flash zikamalowa mdziko muno. Tengani chiphaso, nyimbo zanu ndi pepala lija. Umembala pawokha sukwana, nyimbo iliyonse yatsopano muzikayilembetsa, bungwe silingakulipireni pa nyimbo yomwe silikuyidziwa.

Kenako ndiye za pa intaneti. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, koma kumeneko komanso ku Apple Music simuyika nokha nyimbo, mumadzera kwa ma distributor, makampani amene amakuyikirani nyimbo kumeneko, ngati DistroKid, TuneCore kapena CD Baby. Ena mumalipira pachaka, ena kamodzi pa nyimbo nkumadulako gawo. Musanalipire onani kaye ngati njira yomwe amatumizira ndalama ikugwira ntchito kuno. Akaunti mutsegule ndi email yanu, password isakhale mmanja mwa manager kapena mzanu wodziwa kompyuta, chifukwa amene ali ndi akaunti ndi amene ndalama imamufikira. Distributor adzakupatsani ISRC, nambala ya zilembo ndi manambala 12 yozindikiritsa chojambulidwacho, muyisunge ndipo mukasamukira kwa distributor wina mugwiritse yomweyo kuti ma streams anu asayambirenso pa ziro. Dzina lanu muzilemba chimodzimodzi paliponse, lero ndi Jr mawa opanda Jr zimagawa nyimbo zanu pa ma profile awiri.

Ngati beat ndi yanu yonse tsegulaninso Content ID, njira yomwe YouTube imazindikirira nyimbo yanu mu ma video a ena, kudzera kwa distributor yemweyo, kuti wina akagwiritsa nyimbo yanu mu video yake ndalama za malonda zizibwera kwa inu.

Ndalama zimachedwa, zimatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti zioneke mu akaunti. Kuyambira 2024 Spotify sililipira pa chojambulidwa chomwe sichinafike ma streams 1,000 pa miyezi 12, ndiye anthu ena amabwera ku inbox kukutsatsani ma streams ogula. Akaneni, ndi ma bot amenewo, makompyuta osati anthu enieni, ndipo a Spotify akawatulukira nyimbo amatha kuyichotsa, distributor nkukulipiritsani chindapusa kapena kutseka akaunti yonse. Ndalama imeneyo bola mugulire bundle muzitumiza link ya nyimbo kwa ma fans anu, makamaka a ku Joni ndi ku UK komwe stream imodzi imalipira bwinoko kusiyana ndi kuno.