Tsekani bucket ya kopaletivi, zitupa za alimi zili pamtetete

Kalembera wa alimi a mpunga wa nyengo ino wandionetsa chinthu chimene sindingakhale nacho chete. Magulu angapo kuno ku Salima ayamba kusunga zithunzi za zitupa za unzika, mayina a mamembala ndi malisiti a ngongole pa intaneti, mu bucket, nkhokwe yosungiramo mafayilo, ya Amazon S3 kapena ya Google Cloud Storage. Zimenezo n'zabwino, chiswe chatidyera mapepala mokwanira. Koma ma bucket amene alembi akhala akundionetsa ndi otsegula kwa munthu aliyense padziko.

Zimayamba chonchi. Mnyamata wokonza bucket akufuna kutumiza chithunzi kwa apampando, ulalo ukukana, ukungolemba kuti AccessDenied, kutanthauza kuti simukuloledwa. M'malo mofufuza chifukwa chake, amapita pa Block Public Access, loko woletsa anthu akunja kulowa, n'kuzimitsa, n'kuika policy, lamulo la bucket, yolola aliyense kuwerenga. Ulalo watseguka, apampando asangalala, nkhani yatha. Chonsecho kuyambira mu Epulo 2023, bucket yatsopano iliyonse ya S3 imabwera yotseka kale, ndipo musanaitsegule amakuchenjezani ndi kukufunsani kuti mutsimikize. Ndiye si ngozi iyi. Munthu akuzula dala chitseko cha nkhokwe chifukwa chakuti kiyi akumuvuta.

Ndikafunsa, yankho ndi limodzi: "Alangizi, dzina la bucket yathu akulidziwa ndani?" Dzinalo lili mu ulalo uliwonse umene mwaponya pa gulu la WhatsApp. Komanso mayina amenewa sabwerezedwa, dzina limodzi ndi la bucket imodzi, choncho ndi osavuta kuwalota: dzina la gulu, la boma, chaka, basi. Alipo mapulogalamu amene ntchito yake ndi kuyesa mayina otere usiku ndi usana. Mukakhala kuti munalolanso kuona mndandanda wa mafayilo, wakuba savutika n'kufufuza, amangokokolola zonse nthawi imodzi.

Nanga akutenga chiyani? Pa chitupa pali nkhope, dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya chitupacho. Pa mndandanda wa mamembala anu pali nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, mudzi, ndi ngongole imene munthu watsala nayo. Mayi wina wolima mpunga kufupi ndi nyanja anaimbiridwa foni ndi munthu amene anati ndi wa ku ofesi ya gulu, n'kumuuza kuti akabweza theka tsiku lomwelo, yotsalayo aikhululuka. Mayiyo anagulitsa matumba awiri, n'kutumiza. Atandipeza anati, "Alangizi, munthuyo amadziwa ndi feteleza yemwe ndinakongola, ndikanamukayikira bwanji?" Mndandanda wa gulu lawo unali mu bucket yotsegula. Lero mayiyo akukana kujambulitsa chitupa, ndipo anzake akumutsatira. Amene mudzachite kalembera wa chaka chamawa mudzatuluka nawo thukuta.

Ndalama nazo zimatuluka. Kusunga mafayilo n'kotchipa, koma Amazon imalipiritsa zimene anthu akukopera kunja mukadutsa 100 GB yaulere ya pamwezi, ndipo amalipira ndi mwini bucket, osati wokoperayo. Bilu yake imabwera m'madola, ndipo mmene dola ikusowera sindichita kukuuzani. Palinso lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, limene MACRA ikuyang'anira. Gulu losonkhanitsa zitupa lili ndi udindo wozisamala, ngakhale ofesi yake itakhala pansi pa mtengo wa mango.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi chizolowezi cha pasiwedi imodzi. Akaunti yaikulu, ya root, aliyense akulowa nayo: mlembi, msungichuma, ndi mphwake wa apampando yemwe. Pasiwediyo yalembedwa kuchikuto kwa buku la misonkhano, access key, kiyi wachinsinsi wolowera mu akaunti kudzera pa mapulogalamu, inatumizidwa pa WhatsApp kalekale, mlembi wakale anachoka nayo mufoni. Mukati "timakhulupirirana", foni ikabedwa pa depoti ya Kamuzu Road, wakubayo mumakhulupirirana nayenso?

Zochita n'zochepa. Yatsani mabatani onse anayi a Block Public Access, makamaka pa akaunti yonse, ndipo fufutani policy ija. Ku Google yatsani public access prevention, ku Azure ya Microsoft container, yomwe ndi bucket yakumeneko, ikhale pa Private. Mukafuna kuonetsa munthu fayilo, mupangireni presigned URL, ulalo wa kanthawi umene umafa wokha. Wopangira pa console, tsamba loyendetsera akaunti ya Amazon, supitirira maola 12. Aliyense akhale ndi akaunti yakeyake pa IAM, pogawira anthu zilolezo ku Amazon, ya root ikhale ndi MFA, chitsimikizo chachiwiri kuwonjezera pa pasiwedi, ndipo isungidwe. Versioning, yosunga makope akale a fayilo, imabwera yozima, iyatseni kuti chofufutidwa mwangozi chibwerere. Ikaninso chenjezo la bilu.

Amene mukukonza bucket yatsopano, sankhani dera losungirako mafayilo mosamala chifukwa silisinthika mukapanga. La Amazon ku Cape Town, limene linatsegulidwa mu 2020, ndi lapafupi, koma muyambe mwaliyatsa pa akaunti. Dzina likhale la zilembo zing'onozing'ono, 3 mpaka 63, losatchula gulu lanu.

Ngati yanu inali yotsegula, sinthani ma access key onse lero, ndipo pa msonkhano wotsatira uzani mamembala kuti ngongole sabweza kudzera mwa munthu woimba foni. Zimene zinakoperedwa kale simungazibweze.